Za Lita ndi Kilogalamu

1. Mafunso awiri

Munthu akafuna kudziwa kuchuluka kwa chinthu, akhoza kufunsa mafunso awiri. Loyamba ndi ili: Kodi chinthuchi chidzaza malo otani? Lachiwiri ndi ili: Kodi chilemera motani? Mafunso awa aoneka ngati funso limodzi, koma asiyana ndithu. Dengu lodzala thonje ndi dengu lodzala mchenga alingana ukulu wake. Koma mwana asenza la thonje nathamanga nalo, pamene la mchenga limkanika ngakhale kulisuntha. Malo ndi amodzimodzi, koma kulemera kwasiyana.

Makolo akale anayesa zinthu ndi ziwiya za pakhomo pawo. Madzi anawayesa ndi chikho ndi mtsuko, ufa ndi lichero, chimanga ndi dengu. Miyeso iyi inali yabwino pamudzi, pakuti anthu onse anadziwa mtsuko wa mnzawo. Koma mitsuko siilingana, pakuti woumba aliyense aumba monga afuna. Chifukwa chake malonda a kutali atachuluka, panafunika miyeso yosasinthika, imene munthu wa ku Karonga ndi munthu wa ku Nsanje angamvane nayo osakangana.

Miyeso yotere ilipo lero. Muyeso wa malo amene madzi, mkaka kapena mafuta adzaza ndiwo lita. Muyeso wa kulemera ndiwo kilogalamu. Lita ayesera m'botolo kapena m'chigubu. Kilogalamu ayesera pa sikelo.

2. Magawo a miyeso iyi

Lita ndi muyeso waukulu kwa iye wofuna kuyesa mankhwala, ndipo kilogalamu ndi yaikulu kwa iye wofuna kuyesa mchere wa m'ndiwo. Chotero miyeso iwiriyi anaigawa m'magawo 1,000 aang'ono. Gawo limodzi la lita litchedwa mililita. Gawo limodzi la kilogalamu litchedwa galamu. Nayo galamu anaigawanso m'magawo 1,000, ndipo gawo lake litchedwa miligalamu. Katundu wolemera koposa ayesedwa ndi tani.

Mwana wa sukulu ayenera kusunga mizere iyi pamtima:

Lita 1 ndi mamililita 1,000.
Kilogalamu 1 ndi magalamu 1,000.
Galamu 1 ndi mamiligalamu 1,000.
Tani 1 ndi makilogalamu 1,000.

Pa mabotolo ndi pa matumba salemba mawu onsewa, koma zilembo zochepa zokha: l ya lita, ml ya mililita, kg ya kilogalamu, g ya galamu, mg ya miligalamu.

Mawu akuti "kilo" achokera ku Chigiriki, ndipo atanthauza 1,000. Mawu akuti "mili" achokera ku Chilatini, ndipo pa miyeso atanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000. Amene adziwa mawu awiriwa sasokera, pakuti awapezanso m'kilomita ndi m'milimita.

Kusandutsa muyeso waukulu kuti ukhale waung'ono nkwapafupi. Munthu achulukitsa ndi 1,000. Malita 3 ndi mamililita 3,000, ndipo makilogalamu 2 ndi magalamu 2,000. Pobwerera agawa ndi 1,000. Mamililita 4,500 ndi malita 4 ndi theka, pakuti theka la lita ndi mamililita 500. Magalamu 250 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kilogalamu.

Zonsezi ndi kusandutsa lita ndi ana ake, kapena kilogalamu ndi ana ake. Koma latsala funso lina lovuta. Kodi munthu amene adziwa malita angathe kudziwa makilogalamu wopanda sikelo? Inde angathe, ndipo chimene chimthandiza ndi madzi.

3. Madzi ndiwo mlatho

Mmisiri atapanga kabokosi ka malata, m'litali masentimita 10, m'lifupi masentimita 10, kuya kwake masentimita 10, kabokosi kameneko kadzalowa lita imodzi yeniyeni. Tsono akadzaza kabokosiko ndi madzi oyera, nakaika pa sikelo, nachotsapo kulemera kwa malata, adzapeza kuti madziwo alemera kilogalamu imodzi.

Ichi ndi chinthu chachikulu cha phunziro lonse: lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Momwemonso mililita imodzi ya madzi ilemera galamu imodzi, ndipo malita 1,000 a madzi alemera tani imodzi.

Chotero pa madzi masamu palibe. Nambala ikhala yomweyo, dzina lokha lisintha. Botolo la mamililita 500 lili ndi madzi a magalamu 500. Chigubu cha malita 5 chili ndi madzi a makilogalamu 5. Mgolo wa malita 200 uli ndi madzi a makilogalamu 200, ndiko kulemera kwa matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50. Mlimi amene akweza migolo iwiri yotere pa ngolo adziwe kuti ng'ombe zake zili kukoka matumba asanu ndi atatu, osawerengera migolo ndi ngolo yomwe.

Nayonso ndowa ya pa mjigo ili ndi phunziro lake. Ndowa ya malita 20 yodzala madzi ilemera makilogalamu 20, kuwonjezapo ndowayo. Mwana wa zaka 10 alemera pafupifupi makilogalamu 30. Akasenza ndowa yotere, pamutu pake pali katundu woposa theka la kulemera kwa thupi lake lonse. Nkhata ithandiza mutu kuti usapweteke, koma siichotsa ngakhale galamu imodzi pa khosi ndi pa msana. Nkwabwino kuti mwana wamng'ono atunge ndi ndowa yaing'ono, napite kawiri.

4. Chiyambi cha miyeso iyi

Kulingana kwa lita ya madzi ndi kilogalamu sikunangochitika mwamwayi ayi. Anthu anachita kukonza kuti zikhale chomwecho.

Kale ku France, dziko la ku Ulaya, miyeso inali yambirimbiri. Mzinda uwu unali ndi muyeso wake, mzinda uwo wakenso, ngakhale dzina la muyeso linali limodzi. Osauka ananyengedwa pa msika ndi pa msonkho, ndipo anadandaula kwambiri. M'chaka cha 1790 aphungu a dzikolo anapempha anthu ophunzira kuti apeze miyeso yatsopano ya anthu onse.

Ophunzirawo anapangana kuti muyeso wa utali uchokere ku dziko lapansi lomweli, limene silili la mfumu iliyonse. Anati mtunda wochokera kunsonga ya kumpoto ya dziko kufika pamzere wa pakati pa dziko ugawidwe m'magawo 10,000,000, ndipo gawo limodzi litchedwe mita. Amuna awiri, Delambre ndi Méchain, anayesa mtunda wa pakati pa Dunkirk ku France ndi Barcelona ku Spain kuyambira 1792 kufikira 1798, kuti apeze utali wake wa mita.

Pa mita anapezapo lita, ndiko kabokosi kaja ka masentimita 10 mbali zonse. Ndipo pa lita anapezapo kulemera. Lamulo la mu 1795 linati galamu ndiko kulemera kwa madzi oyera odzaza kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse. Anasankha madzi chifukwa apezeka m'maiko onse, ndipo munthu aliyense akhoza kuwayesa yekha.

Koma madzi atayika, naphwa, nadetsedwa. Chifukwa chake mu 1799 anasula chitsulo cha mtengo wapatali cholemera monga lita ya madzi, nachisunga ku Paris. Mu 1875 maiko 17 anapangana kusunga miyeso imodzi, ndipo mu 1889 anavomereza chitsulo china chatsopano kuti chikhale mwini wa makilogalamu onse. Chinali chaching'ono, msinkhu wake mamilimita 39 okha, ndipo anachisunga mosamala pansi pa zivundikiro zagalasi ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Chitsulo chimenecho chinalamulira masikelo a maiko kwa zaka 130. Mu 2019 anachipumitsa, pakuti ophunzira anapeza njira yodziwira kilogalamu ndi makina, monga mwa malamulo osasinthika a chilengedwe. Koma kulemera kwa kilogalamu ya pa msika sikunasinthe.

M'masiku a Nyasaland anthu a kuno anayesa ndi miyeso ya ku Britain, ndiyo galoni, painti ndi paundi. Galoni ndi malita 4 ndi mamililita 546, painti ndi mamililita 568, ndipo paundi ndi magalamu 454. Galoni ya madzi inalemera mapaundi 10, ndipo palafini anabwera m'zitini za magaloni 4. Agogo ena akumbukirabe maina awa. Lero miyeso ya m'masitolo ndi ya lita ndi kilogalamu, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo liyesa masikelo a malonda ndi mapampu a mafuta ngati ali oona.

5. Zina zipepuka, zina zilemera

Apa ndi pamene ambiri aphunthwa. Atamva kuti lita ya madzi ndi kilogalamu, ayesa kuti lita ya chinthu chilichonse ndi kilogalamu. Si choncho ayi. Lamulo lija ndi la madzi okha. Chinthu chilichonse choyenderera chili nako kulemera kwakekwake.

Mayi akathira mafuta ophikira m'mphika wa madzi, mafutawo ayandama pamwamba. Akathira uchi, umira nukhala pansi. Maso omwe aona kuti mafuta apepuka koposa madzi, ndi kuti uchi ulemera koposa madzi. Sikelo ivomereza chimodzimodzi. Naku kulemera kwa lita imodzi ya zinthu zodziwika, mwa pafupifupi:

Petulo, magalamu 740.
Palafini, magalamu 800.
Dizilo, magalamu 840.
Mafuta ophikira, magalamu 920.
Madzi oyera, magalamu 1,000.
Madzi a m'nyanja ya mchere, magalamu 1,025.
Mkaka wa ng'ombe, magalamu 1,030.
Uchi, magalamu 1,400.

Zonse zimene zili pamwamba pa madzi mumndandanda uwu ziyandamanso pamwamba pa madzi m'chiwiya. Nchifukwa chake moto wa mafuta kapena wa palafini sauzima ndi madzi. Madziwo alowa pansi, ndipo mafuta oyaka akwera pamwamba nafalikira ponseponse. Moto wotere auzima pouvundikira ndi chivundikiro kapena ndi mchenga.

Madzi a m'nyanja ya mchere alemera koposa a m'nyanja ya Malawi chifukwa cha mchere wosungunuka m'menemo. Nyanja ya Dead Sea, imene ili pakati pa Jordan ndi Israel, ili ndi mchere wambiri koposa, kotero kuti lita ya madzi ake ilemera pafupifupi magalamu 1,240, ndipo munthu ayandama m'menemo ngakhale sadziwa kusambira.

Kutentha nakonso kusinthako kulemera pang'ono. Madzi alemera kilogalamu yathunthu pa lita akakhala ozizira ndithu, pa madigiri 4. Akafunda atupa pang'ono, ndipo pa madigiri 25 lita ipepuka ndi magalamu 3 okha. Kusiyana kumeneku nkwakung'ono, ndipo pa ntchito za kumudzi sikuwerengedwa.

6. Malamulo awiri

Munthu amene adziwa kulemera kwa lita imodzi akhoza kupeza zina zonse ndi malamulo awiri.

Lamulo loyamba: Wodziwa malita, nafuna kulemera, achulukitse malitawo ndi kulemera kwa lita imodzi.

Chigubu cha mafuta ophikira chili ndi malita 5. Lita imodzi ilemera magalamu 920. Pochulukitsa 920 ndi 5 apezeka magalamu 4,600, ndiwo makilogalamu 4 ndi magalamu 600. Chigubu chomwecho chikadadzala madzi chikadalemera makilogalamu 5. Momwemonso malita 20 a palafini ndi 800 kuchulukitsa ndi 20, ndiwo magalamu 16,000, kapena makilogalamu 16.

Lamulo lachiwiri: Wodziwa kulemera, nafuna malita, agawe kulemerako ndi kulemera kwa lita imodzi.

Mlimi wa njuchi wafula uchi, nausefa, nauika pa sikelo, napeza makilogalamu 7. Afuna kudziwa mabotolo amene agule. Ayamba wasandutsa makilogalamu 7 kukhala magalamu 7,000. Pamenepo agawa 7,000 ndi 1,400, napeza malita 5. Ngati mabotolo ake ali a mamililita 500, agule mabotolo 10. Akadaganiza kuti kilogalamu ya uchi ndi lita, akadagula mabotolo 14, ndipo anayi akadakhala opanda kanthu.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kusamala. Choyamba, miyeso ikhale ya mtundu umodzi asanayambe kugawa. Makilogalamu sagawidwa ndi magalamu. Chachiwiri, atatha masamu, munthu ayang'anenso yankho lake ndi nzeru. Ngati chinthu chiyandama pa madzi, makilogalamu ake achepa koposa malita ake. Ngati chimira, makilogalamu ake achuluka koposa malita ake. Amene apeza kuti malita 5 a mafuta alemera makilogalamu 6 adziwe pomwepo kuti walakwa, ngakhale mphunzitsi asanaone ntchito yake.

Nanga chimanga ndi ufa? Izi nazo anthu aziyesa ndi ndowa ndi mbale, koma muyeso wake suli wokhazikika, pakuti pakati pa njere pali mipata ya mphepo. Wina athira mokhutchumula, wina mosakhutchumula. Wina asalaza pamwamba, wina aunjika. Lita ya chimanga chouma chotonola ilemera pafupifupi magalamu 720, ndipo ndowa ya malita 20 yosalazidwa pamwamba ili ndi makilogalamu 14 kapena 15 okha. Chifukwa chake mbewu ayenera kuzigula ndi kuzigulitsa pa sikelo yoona.

7. Pa msika, pa denga ndi kuchipatala

Nzeru iyi siili ya m'kope mokha. Ipulumutsa ndalama, katundu ndi moyo.

Munthu wina agula uchi m'botolo lolembedwa 500 g. Atafika kwawo authira m'kapu ya mamililita 500, naona kuti sunadzale. Ayamba kukwiya, nati wogulitsa wamubera. Koma wogulitsayo alibe mlandu, pakuti magalamu 500 a uchi ndi mamililita 360 okha, mwa pafupifupi. Wogula ayenera kuyamba wawerenga zilembo, ngati zili g kapena ml.

Lita ya mkaka wabwino ilemera magalamu 1,030. Munthu wachinyengo akathiramo madzi, mkakawo upepuka, nuyandikira magalamu 1,000. Nchifukwa chake kumalo olandirira mkaka aviika m'mkakamo kachipangizo kagalasi koyandama. Mu mkaka wabwino kayandama pamwamba ndithu, koma mu mkaka wa madzi kamira koposa muyeso, ndipo chinyengo chioneka.

Mvula ayesa ndi mamilimita. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, madzi ake ndi lita imodzi. Denga la malata la mamita 8 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi lili ndi malo otere 40. Ikagwa mvula ya mamilimita 25, denga limenelo lilandira 40 kuchulukitsa ndi 25, ndiwo malita 1,000, kapena ndowa 50 za malita 20. Madzi amenewo alemera tani imodzi, monga matumba 20 a chimanga. Thanki yopanda madzi anthu awiri ainyamula, ndipo womanga wosaganiza aiika pa thandala la mitengo yofooka. Tsiku limene thankiyo idzala, thandala lithyoka. Womanga wanzeru ayamba wafunsa ngati thandala lake lingasenze matumba 20.

Koma malo ofunika kusamala koposa onse ndi pa mankhwala. Zilembo za mg ndi za ml zifanana m'maso, koma sizinena chinthu chimodzi. Za mg zinena kulemera kwa mankhwala enieni. Za ml zinena kuchuluka kwa madzi otsekemera amene mankhwalawo asungunulidwamo. Pa botolo lina la mankhwala a ana alemba 120 mg mu 5 ml. Ndiko kunena kuti m'mamililita 5 muli mankhwala a mamiligalamu 120. Dokotala akalamula mamiligalamu 240, mwana amwa mamililita 10. Apa lamulo la madzi lija siligwira ntchito konse. Chilamulira ndi cholembedwa pa botolo. Masupuni a kunyumba salingana, ndipo muyeso woona ndi kasupuni kapena kakapu kamene kabwera ndi mankhwalawo. Amene sanamvetse afunsenso kuchipatala asanapatse mwana, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Chimodzimodzinso ndi mankhwala a mchere ndi shuga opatsa wodwala m'mimba. Paketi yolembedwa lita imodzi aisungunula m'lita imodzi yathunthu ya madzi abwino, ndiwo mabotolo awiri a mamililita 500. Madzi akachepa, mchere uchuluka, ndipo ukhoza kupweteka mwana m'malo momuchiza.

8. Ndege imene inatha mafuta m'mwamba

Si ana a sukulu okha amene alakwa masamu awa. Pa 23 July 1983 ndege yaikulu ya Air Canada, ya mtundu wa Boeing 767, inanyamuka ku Montreal m'dziko la Canada, kudzera ku Ottawa, kupita ku Edmonton. Mafuta a ndege awathira ndi malita, koma woyendetsa afuna kudziwa kulemera kwake. Masiku amenewo dziko la Canada linali kuleka miyeso yakale ndi kuyamba yatsopano, ndipo ndege iyi inali yoyesera makilogalamu, pamene zinzake zinali zoyesera mapaundi.

Tsiku limenelo mawotchi oonetsa mafuta sanali kugwira ntchito. Chotero antchito anayesa mafuta m'mathanki ndi timitengo toyesera, napeza malita 7,682. Ulendowo unafuna makilogalamu 22,300. Anayenera kuchulukitsa malita ndi kulemera kwa lita imodzi, ndiko pafupifupi magalamu 800. Akadatero akadapeza makilogalamu oposa 6,000 pang'ono, ndipo akadawonjeza malita 20,000. Koma iwo anachulukitsa ndi 1.77, nambala imene inali ya mapaundi pa lita, nayesa kuti yankho lawo ndi makilogalamu. Anawonjeza malita osafika 5,000, ndipo ndege inanyamuka ndi mafuta osakwana theka la ofunika.

Pakati pa ulendo mainjini onse awiri anazima. M'ndegemo munali anthu 69. Woyendetsa wake, Robert Pearson, anadziwa kuyendetsa timandege topanda injini, ndipo anatsika nayo pang'onopang'ono monga mphamba, naitera pa bwalo lakale la ndege za nkhondo ku Gimli. Palibe munthu anafa. Koma anthu onse aja akadatha chifukwa cha nambala imodzi.

Mwana amene wasunga phunziro ili akadaona cholakwacho. Mafuta a ndege afanana ndi palafini, ndipo ayandama pa madzi. Chifukwa chake makilogalamu ake ayenera kuchepa koposa malita ake. Koma antchito aja anapeza kuti malita 7,682 alemera makilogalamu oposa 13,000, monga ngati mafutawo alemera koposa uchi. Masamu anachulukitsa bwino, koma sanayang'anenso yankho lawo ndi nzeru.

9. Zoyenera kukumbukira

Lita iyesa malo, kilogalamu iyesa kulemera. Pa madzi miyeso iwiriyi ilingana, pakuti anthu anaikonza chomwecho. Pa chinthu china chilichonse munthu ayambe wadziwa kulemera kwa lita yake imodzi, achulukitse pofuna makilogalamu, agawe pofuna malita. Nambala yopanda dzina la muyeso wake siinena kanthu. Chifukwa chake mwana polemba yankho asaiwale kulemba l kapena kg, ml kapena g, ndipo atalemba adzifunse ngati chinthucho chimira kapena chiyandama.

Mafunso

1. Kodi lita iyesa chiyani, nanga kilogalamu iyesa chiyani?
2. Malita 7 ndi theka ndi mamililita angati?
3. Mtsuko ulowa malita 12 a madzi, ndipo wopanda kanthu ulemera makilogalamu 3. Ukadzala ulemera makilogalamu angati?
4. Cholemera koposa ndi chiti, malita 10 a mkaka kapena malita 10 a dizilo? Zisiyana ndi magalamu angati?
5. Makilogalamu 4 a palafini adzaza malita angati?
6. Denga la sukulu lili ndi mamita 20 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi. Ikagwa mvula ya mamilimita 10, madzi ake ndi ndowa zingati za malita 20?
7. Chifukwa ninji moto wa mafuta sauzima ndi madzi?
8. Kodi antchito a ndege ya ku Canada akadazindikira bwanji kuti alakwa?